Kachubu ka Bambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene mlongo wanga Wongani anayamba kumera mano. Tinkakhala ku Katowo, kumene bambo ankaphunzitsa. Amayi anali a ku Dowa, sukulu anailekera panjira, ndipo abale a bambo sankatopa kuwakumbutsa zimenezo.

Wongani ankalira tsiku lonse, dovu lili chuchuchu pamsana panga. Amayi ankangomusisita nkhama ndi chala chosamba bwino. Bambo anati zimenezo n'zachimidzi. Pochokera ku boma anabwera ndi kachubu ka mankhwala opaka m'kamwa, ochititsa dzanzi, kogula m'sitolo ngati sopo. Chingerezi cha pakachubupo anachiwerenga mokweza kuti amayi achite manyazi. Ankamupaka okha, mwana akangoti alire.

Kulira kunathadi. Koma mawa lake masana, nditamutsitsa kumbuyo, ndinapeza milomo yake itatuwa ngati phulusa, zikhadabo zitada, akupuma mobanika. Tinakwera pikapu ya fodya mpaka kuchipatala.

Magazi amene anamutenga sanali ofiira, anali ngati tiyi wopanda mkaka. Dokotala atafunsa zimene mwana anapatsidwa, bambo anatulutsa kachubu kaja m'jekete.

"Aphunzitsi, ndi zimenezi," anatero dokotalayo. "Mankhwala awa amatha kusintha magazi, n'kulephera kunyamula mpweya. Mwana wosakwana zaka ziwiri sapakidwa."

Amayi anali panja, akuchapa matewera. Tinamva awiri, ine ndi bambo.

Wongani anachira. Koma kunyumba tinapeza ankhazi, mlongo wa bambo, ataweruza kale mlandu.

"Mulamu, mwana satuwa chonchi popanda chifukwa," anatero pamaso pa anthu. "Mwayenda ndi mwamuna wina, mwamusempha mwana. Mwatichititsa manyazi chomene."

Amayi analira, analumbira. Bambo anali zyoli, maso pansapato.

"Adada," ndinatero, "si mankhwala aja adokotala ananena?"

Khofi limene bambo anandimenya ndimalimvabe m'khutu. M'mawa mwake ndinawaona akuponya kachubu kaja m'chimbudzi.

Amayi anapirira mpaka nthawi yokolola. Kumjigo anzawo ankasiya kuyankhula iwo akafika. Tsiku limene ankachoka kubwerera kwawo ku Dowa, Wongani ali kumbuyo, ndinawauza zonse podikira galimoto. Anandipukuta misozi ndi chitenje.

"Mwanangu, ndani angamve ine n'kusiya aphunzitsi?"

Lero ndili ndi ana anga. Akamamera mano ndimawasisita nkhama ndi chala, monga ankachitira amayi osaphunzira aja, ndipo mankhwala a m'sitolo sayandikira kamwa mwawo ndisanafunse kuchipatala. Kulakwitsa kugula ndikanawakhululukira bambo, chifukwa sankadziwa. Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi kukhala chete kuja, iwo akudziwa.

Bambo anamwalira ali mkulu wa mpingo. Pamaliro, woyankhula aliyense anati Katowo wataya munthu wosabisa chilungamo. Anthu atayamba nyimbo, ine sindinayimbe nawo.