Ayezi Amene Bambo Ankaphunzitsa

Zochoka ku Malawi ndinaganiza ndili m'minibasi, pakati pa Lilongwe ndi Dedza. Mnzanga wina amene tinaphunzira naye unamwino anali atanditumizira uthenga woti ku England akufuna manesi. Ndinauwerenga katatu, ndipo pofika pa Linthipe ndinali nditatsimikiza kale mtima kuti ndipita.

Bambo anga anaphunzitsa jogalafe kusekondale mpaka kupuma pa ntchito. Nditawauza, za malipiro sanafunse. Anakatenga buku lawo la mapu lothothoka chikuto, n'kuvala magalasi.

"Leicester ndi iyi, pakatikati pa dziko. Kulibe nyanja, kulibe phiri. Tadala, ukaonako chiyani kumeneku?" Chala chawo chinakwera m'mwamba mpaka ku Norway. "Ukanati kuno, bwenzi nditakunyamulira chikwama."

Amayi anaseka, ine ndinasekanso. Patapita miyezi ingapo ndinakwera ndege.

Ku Leicester ndinapeza chipinda ku Highfields, pamwamba pa sitolo yogulitsa zokometsera ndiwo, moti zovala zanga zonse zinkanunkhira zokometserazo. Moyo wanga unali basi, wodi, basi, bedi. Ndalama zinkabwera, sindinganame, ndipo zinkapita momwe zabwerera: feteleza, malata atsopano, fizi ya ana a mng'ono wanga Mphatso. Foni ikalira ndinkadziwa kuti kwathu kwasowa kanthu. Sindinkadandaula, chifukwa n'chimene ndinapitira. Koma panali masiku ena a ofu amene ndinkafika madzulo ndisanayankhule ndi munthu aliyense, kupatula wogulitsa mkaka pakona.

M'chaka chachinayi Amayi anamwalira. Ndinapita kumaliro, n'kubwerera patatha milungu iwiri. Kuyambira pamenepo Bambo pafoni ankangoti, "Tili bwino, mvula yagwa," basi. Ine m'maganizo mwanga ndinkawaona ali okha pakhonde, nyumba ili zii, tiyi atazizira m'kapu. Zinkandidya.

Tsiku lina pa buleki, Esinati, nesi mnzanga wa ku Chipata, anandionetsa zithunzi pafoni. Iye ndi mwamuna wake anali atapita pa holide ya sitima ya pamadzi ku Norway.

"Sisi, uzafela pa nchito iwe," anatero m'Chinyanja chake. "Bukitsa, uyende ukaone ziko."

Nditaona phiri loyera pachithunzi chimodzi, ndinaiyandikitsa foniyo kumaso. Ndinaganiza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, Bambo akaone ndi maso zimene ankajambula ndi choko pabolodi. Chachiwiri sindinauze munthu: akakondwa ndi ulendowo, ndidzawanyengerere kuti azikhala ndi ine miyezi yambiri chaka chilichonse, monga momwe viza ingalolere, m'malo mongokhala okha ku Dedza.

Nditawaimbira n'kuwauza za ulendowo, anafunsa:

"Ukunena Norway yeniyeni?"

"Yomweyo, Bambo."

"Ya mafiyodi, nyanja zolowa pakati pa mapiri zija?"

"Eya."

"Iiii! Dikira ndikhale pansi."

Mapepala a viza anatitengera miyezi, chifukwa pankafunika ya England komanso ya Norway. Mphatso ndiye ankawaperekeza ku Lilongwe. Koma mwezi wa Juni Bambo anafika, atavala suti yawo yakutchalitchi, buku la mapu lija lili m'manja. Masiku atatu amene tinakhala ku Highfields anapatsa moni msewu wonse. Bambo wina wa ku Somalia wokhala nyumba yoyandikana nafe, amene ine ndinali ndisanamudziwe dzina zaka zonsezi, anafika powaitanira tiyi.

Tinakwera kochi, basi ya maulendo aatali, kupita kudoko la Southampton. Titaiona sitimayo, Bambo anavula chipewa. Inali ngati tauni yathunthu yoyandama, mawindo osawerengeka, zikepe zokwera ndi kutsika mkati mwake. Ineyo, amene ndinkadziyesa wozolowera za kunja, ndinasochera kawiri pofuna chipinda chathu. Kodyera, Bambo anazungulira matebulo onse a zakudya manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu, kenako n'kundinong'oneza kuti, "Zonsezi n'zathu? Palibe amene atifunse?" Anadya nsomba za mitundu itatu, n'kumaliza ndi ayisikilimu.

M'mamawa wa tsiku lachitatu anandigwedeza phewa. "Dzuka, dzuka! Talowa!"

Tinathamangira pamwamba. Sitima inali kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mapiri awiri otsetsereka ngati makoma, madzi ali phee, obiriwira. Mathithi ankagwa kuchokera kumitambo. Tinyumba tofiira tinali titakangamira m'mbali mwa phiri, pamalo oti mbuzi yokha ndiyo ingafike. Mphepo inali yobaya, koma nditawapatsa jekete anakana.

"Ndine wa ku Dedza ine. Kuzizira n'kwathu."

Sipanathe mphindi zisanu, analilanda okha jekete lija.

Pafupi nafe panaima agogo awiri achizungu, mwamuna ndi mkazi. Bambo anayamba kuwafotokozera m'Chingerezi chawo cha m'kalasi momwe ayezi anakumbira chigwa chimenechi kalekale, nyanja n'kudzalowamo. Anthu ena anasendera kudzamva. Mayi uja anafunsa kuti abwera kangati ku Norway.

"Kambirimbiri," anayankha Bambo, "koma pabolodi pokha."

Ku Bergen kunagwa mvula tsiku lonse, koma tinayenda ndithu. Tinaona nyumba zamatabwa zopakidwa utoto wofiira ndi wachikasu, zopendekeka ngati zatopa. Pamsika wa nsomba Bambo anatola nsomba youma, yolimba ngati nkhuni, n'kuinunkhiza. Atamva mtengo wake anaibweza mwaulemu ndi manja awiri. Tinaseka mpaka misozi, mvula ikutitsira.

Tsiku lalikulu linali la ku Olden, kamudzi kakang'ono kumathero kwa fiyodi. Kuchokera padoko tinakwera basi, kenako panatsala ulendo wokwera phiri kukaona ayezi wamkulu. Panali tingolo ta injini tonyamula okalamba, ndipo ndinawapempha kuti tikwere chifukwa cha bondo lawo.

"Ayi. Ndadikira moyo wanga wonse, ndikafike ndi mapazi anga."

Tinayenda pang'onopang'ono, kupuma pamiyala, kudutsa pamlatho pomwe mathithi anatinyowetsa nkhope. M'njira munali zikwangwani zosonyeza pamene ayeziyo ankafika zaka zam'mbuyo. Bambo ankaima pa chilichonse, n'kupukusa mutu. "Akuthawa," anatero. "Tikanachedwa tikanapeza atapita."

Titakhota pa thanthwe lomaliza, tinamuona. Mtsinje wathunthu wa madzi oundana, wolendewera pakati pa mapiri, woyera pamwamba koma m'ming'alu muli buluu amene sindinamuonepo pansalu iliyonse. Pansi pake panali dziwe lobiriwira. Ine ndinakuwa ngati mwana. Bambo anangopitirira kutsogolo. Anapita m'mphepete mwa dziwe, anagwada ndi bondo lopweteka lomwelo, n'kuviika dzanja m'madzi.

"Ana aja ndinkawauza kuti ndi woyera," anatero. "Ndinawanamiza zaka zonse zija. Ndi wabuluu."

Ndinaona kuti nthawi yanga ndi imeneyi. Titakhala pamwala, ndinawauza zonse: kuti ndipeza nyumba yokulirapo, mwina cha ku Oadby kumene kuli bata, kuti azibwera chaka chilichonse, kuti sindigona ndikaganiza zoti ali okha.

Anandiyang'ana, kenako anaseka.

"Ndani anakuuza kuti ndili ndekha?"

"Pafoni simuyankhula, Bambo."

"Foni ndi yopatsirana moni. Undiperekeze kwathu, ukaone."

Ndinali ndi masiku otsala a holide, choncho titabwerera ku Leicester ndinagula tikiti, n'kupita nawo limodzi.

Galimoto isanaime n'komwe pakhomo pathu ku Dedza, anthu anali atatuluka kale. Amayi a kwaya anaimba, ana a Mphatso analimbirana zikwama. Amuna atatu a imvi, amene Bambo amasewera nawo bawo masana alionse, anati bawolo silinakome mwezi wonse. Kuseri, dimba la mbatatesi linali lopalira bwino. Mawa lake kunabwera anthu amene Bambo anawaphunzitsa, ena ndi ana awo, ndipo pakhonde panasanduka kalasi. Foni yanga inayenda dzanja ndi dzanja. "Wabuluu!" ankatero Bambo, akumenya tebulo. "Amene ndinamuchongera kuti woyera, abweze malikisi anga!"

Pakati pa anthuwo panali mayi wina wodekha, wovala duku lobiriwira, amene ankadziwa pomwe pamakhala makapu. Ndinamuyang'ana Mphatso. Iye anandikokera kuseri.

"Ndi Mayi Nambewe, amuna awo anamwalira kalekale. Akuluakulu akumana kale za ukwati wawo ndi Bambo. Bambo amafuna akuuzeni pamaso, koma ku Norway akuti anachita manyazi."

Ndinakhala pa mtondo. Poyamba chinandibaya, chifukwa cha Amayi. Kenako ndinamva Bambo akuseka pakhonde, kuseka kwa m'mimba kumene ndinkayesa kuti kunakwiriridwa limodzi ndi Amayi, ndipo ndinadzuka kupita kukhitchini.

Mayi Nambewe anali akusenda mbatatesi. Anandisendezera mpando, ine ndinatenga mpeni. Anandifunsa za sitima, ngati sinkagwedezeka, ngati Bambo ankamwa mankhwala awo. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za nsomba youma ija, ndipo tinaseka. Kenako anandiyang'ana mwachifundo.

"Bambo anu kuno musawadere nkhawa, anthu tilipo. Nanga inuyo kumeneko, mwanawe, mukadwala amakuphikirani phala ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Ine, amene ndamwetsa phala odwala osawerengeka, ndinafufuza dzina m'mutu mwanga, mbatatesi ili m'manja, koma silinabwere.