Mapazi Pansi pa Lole ya Apongozi

Ndivomere lero: lole ya apongozi anga, Che Amidu, sindinaipake oilo chifukwa chokonda ntchito ayi.

Loleyo inkanyamula nsomba, ndipo madzi ake ankachititsa dzimbiri kunsi. Tsiku lina kwa Mponda, apongozi anandipatsa chitini cha oilo wakuda kuti ndipake kunsiko. Ndikuzengereza choncho, ndinaona anyamata a chipani akubwera, akufunsa makadi. Ine ndinalibe. Ndinalowa pansi pa lole ngati buluzi.

"Mapazi awa ndi a ndani?" anafunsa mmodzi.

Ndinangoyamba kupaka mwakhama.

"Ameneyo ndi makaniko wanga," anatero apongozi. "Samva, salankhula. Mungotaya mawu."

Anyamatawo anakhala pamthunzi wa lole yomweyo n'kuyamba kudya mango. Oilo ankandidonthera m'kamwa, nyerere zinalowa m'kabudula, koma munthu wosalankhula sadandaula. Ndinapaka ngakhale mopaka kale.

Loleyo sinachitenso dzimbiri. Koma apongozi, mpaka tsiku limene anatisiya, sanandipatsenso moni wa pakamwa. Ndikafika pakhomo ankandilonjera ndi manja okhaokha, mwana wawo, mkazi wanga, akuona.