Galimoto Yowira Loweruka Lokha

Inu amene mwatopa ndi kukayikiridwa, imvani za Kerryn Dunstan.

Loweruka lina m'mwezi wa Novembala, Kerryn anafika pageti la apongozi ake akale m'tauni ya Mount Isa dzuwa lili paliwombo, pomwe ankayenera kufika m'mawa. Nkhope inali psuu, malaya ali chonyowa ndi thukuta, akuyenda modzandira ndi kutentha. Injini inali itamuwirira m'mapiri a pakati pa Cloncurry ndi Isa, ndipo anachita zomwe tonse kuno timachita: anazimitsa eyakoni yoziziritsa m'galimoto, n'kutsegula hita mpaka pamapeto kuti ikoke moto wa injini, iye n'kumaphikika mkatimo.

Mayi Glenys, agogo a mwana wake, sanatsegule geti. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wayambiranso, eti? Taona mmene ukudzandirira."

"Amayi, ndi galimoto. Ndinunkhizeni ngati mukufuna."

"Galimoto yakoyo imadziwa masiku? Imawira Loweruka lokha?"

Tsiku limenelo mwana wake sanamuone. Anangoona katani ya pawindo ikugwedezeka.

Tisabise, Kerryn ankamwa. Anamwa mpaka banja lake ndi Wade linatha, ndipo khoti linapereka mwana wawo wamkazi, Tahlia, kwa bambo ake, omwe ankakhala kwa Mayi Glenys. Koma mowawo anali atausiya kalekale. Ankaphikira anyamata oweta ng'ombe pafamu ina yaikulu kuseri kwa Cloncurry, kumene msewu wake ndi mizere iwiri ya matayala m'kati mwa udzu.

Khoti linamulola kumatenga Tahlia Loweruka, koma azifika pa nthawi yake, ndiponso galimoto izikhala yozizira mkati, chifukwa mtsikanayo ali ndi matenda akugwa omwe amadzuka kukatentha. Tsopano Wade anatumiza mawu akuti akangochedwanso kamodzi, abwerera kukhoti kukatseketsa maulendowo.

Kerryn anapita ndi galimotoyo kwa Bevan, makaniko wa ku Cloncurry. Bevan anasintha chotsekera cha redieta yoziziritsa injini, anasintha themositati yoyang'anira kutentha, kenaka anaisiya ikulira pamthunzi, eyakoni itayatsidwa, iye akudya payi wa nyama. Kamuvi kosonyeza kutentha sikanasunthe.

"Galimotoyi ilibe mlandu, achemwali," anatero akupukuta pakamwa. "Mwina tiyeze woyendetsa."

Anzake a m'galajamo anaseka. Ndi mmene tilili m'matauni athu ang'onoang'onowa. Munthu akagwa kamodzi, chilichonse chomuchitikira pambuyo pake chili ndi yankho kale. Tayala likaphulika, wamwa. Mvula ikadula msewu, wamwa. Ndimatidziwa bwino, ndipo zimandinyansa.

Madzulo a tsikulo Kerryn anaimika galimoto kutsogolo kwa bala ya mowa. Mumtima ankati ngati dzina la uchidakwa akulisenza kale, bwanji asamve ndi kukoma kwake komwe. Anakhala pamenepo atagwira chiwongolero. Sanatsike. Analiza galimoto n'kubwerera kufamu, osati chifukwa cha mphamvu, koma chifukwa cha mkwiyo.

M'njira funso la Mayi Glenys linkangomubwerera. Linali lachipongwe, koma linali loona. N'chifukwa chiyani Loweruka lokha? M'kati mwa sabata ankayenda pafupi, pamalo athyathyathya, mawindo ali pululu kuti asunge mafuta. Loweruka ndiye ankayatsa eyakoni akangotuluka pafamu kuti mwana apeze mozizira, n'kuyamba kukwera mapiri. Choncho vuto linkadikira zinthu ziwiri zikumane: eyakoni ndi chitunda. Pamthunzi wa Bevan panalibe chitunda.

Kerryn sankadziwa kanthu za injini. Pafamupo foni imagwira pafupi ndi thanki ya madzi pokha, ndiye akatsuka mbale zamasana ankakhala pamenepo, ntchentche zili ng'waa kumaso, n'kumaonera pafoniyo mavidiyo a anthu akumasula magalimoto. Kenaka ankapita kukatsegula boneti.

Madzi a m'redieta anali odzaza. Mapaipi sankadontha. Oyilo anali bwinobwino, wosasakanikirana ndi madzi. Akayatsa eyakoni, fani inkazungulira monga mwa ntchito yake. Chilichonse chomwe ankachipeza chili bwino chinkamuwawa, chifukwa chinkakhala ngati chikuikira umboni Bevan ndi Mayi Glenys. Anyamata a ng'ombe ankamufunsa ngati chakudya chamadzulo chiphikidwe pa injini.

Lachinayi, fani ikuzungulira, anaika dzanja chapatali kuseri kwake kuti amve mpweya. M'mbali unkafika. Pakati panali zii. Zinamudabwitsa, chifukwa kutsogolo kwa galimotoyo kunali koyera mbee. Lachisanu lililonse ankakutsuka ndi paipi yamphamvu yotsukira magalimoto a ng'ombe, kuti Mayi Glenys asapeze chonena.

Apa m'pamene anamvetsa kuti chimene ankatsukacho sichinali redieta. Chimaoneka kutsogolo ndi kondensa, kachipangizo kopyapyala komwe eyakoni imatayirako kutentha kwa mkati mwa galimoto. Redieta imakhala kuseri kwake, ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata kongokwana chala. Ukayatsa eyakoni, mpweya umafika pa redieta utatentha kale. Ngati mpweyawo ulinso wochepa, injini imawira basi.

Anadikira injini izizire, anamasula mabawuti a pamwamba, n'kupendeketsa redieta pang'ono. Ataunika ndi tochi anaona chinthu chonga bulangete. Zinali njere za udzu wa m'msewu wa kufamu, fumbi lathu lofiirali ndi mapiko a dzombe, zonse zitagwirana gwa. Paipi yake ija ndiyo inkazikankhira mkatimo sabata ndi sabata, kuzinyowetsa, dzuwa n'kuziumitsa ngati njerwa.

Kerryn anakhala pansi m'fumbi n'kulira. Khama lake lomwe lofuna kuoneka munthu wosinthika pamaso pa anthu osamufuna ndi limene linkamulanda mwana. Atatha kulira anatenga kawaya ndi burashi, anazula bulangete lija pang'onopang'ono, n'kutsuka ndi madzi ofatsa kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Loweruka anayatsa eyakoni ali pafamu pomwepo. Pachitunda chilichonse maso anali pa kamuvi. Kamuvi kanakhala pakati mpaka ku Isa.

Musaganize kuti wina anapepesa. Mayi Glenys anangonena kuti wafulumira kwambiri, anthu sanadye n'komwe. Wade sanatuluke. Patapita kanthawi Tahlia anabwera pageti atavala zogonera, manja ali lende.

"Chikwama chili kuti, mwanangu?"

"Ndinasiya kulongedza, Amayi. Kumasula chikwama musanabwere kumawawa."

Zonyoza zonse za m'tauni Kerryn anazipirira, koma mawu awa anamulasa mtima. Sanadzikanire, sanatchule injini, sanatchule udzu. Anamuuza mwanayo kuti akalongedze mosathamanga, iye adikira pomwepo.

Lero Kerryn ali ndi shedi yake ku Cloncurry, yokonza maredieta ndi eyakoni. Oyendetsa magalimoto akuluakulu amamufunafuna, ndipo ena mwa amene ankaseka m'galaja muja amabwera ndi magalimoto awo owira, nkhope zili bwinobwino ngati sanalankhulepo kanthu. Iye amawakonzera. Tahlia amakhala naye tchuthi chonse cha sukulu, koma panatenga miyezi yambiri kuti mtsikanayo ayambenso kulongedza Lachisanu osadikira kumva hutala pageti. Masiku amene anatayika sanabwerere, ndipo palibe wowabweza.

Inu amene munagwapo n'kudzuka, musadikire kuti anthu akukhulupirireni. Ambiri sadzatero, ngakhale muwaonetse umboni m'manja. Koma penapake pali munthu mmodzi amene anasiya kukuyembekezerani chifukwa kuyembekezako kunkamupweteka. Chifukwa cha ameneyo, ngakhale zikuwawa, mtima wokhawo musautaye. Dzukani, mukafike.