Zidole za a Lyson Zogwedeza Mitu

A Lyson anali munthu wofatsa, woyenda chowerama, ndipo chimene ankachiopa koposa ndi pakamwa pa anthu. Anafika ku South Bend, ku America, akadali mnyamata, nayamba ntchito yosamalira okalamba. Kumeneko nkhalamba ina yachizungu, imene iwo ankaisambitsa ndi kuimeta ndevu, inawapatsa kachidole: kamnyamata kovala chisoti cha mpira wa ku America, uja amathamanga nawo m'khwapa. Ukakakhudza, kamutu kake kankangoti gwede gwede, ngati kakuvomera. Nkhalambayo inati tizidole totere tinkagawidwa kalekale potsatsa malonda, ndipo totsala n'tosowa.

Mtima wa a Lyson unakodwa pomwepo. Atakwatira Ida n'kusamukira ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, Loweruka ankazungulira m'makomo momwe anthu amayala katundu wakale pabwalo. Anatola timbendera tofwifwa, zotsekulira mabotolo, makalendala ofiira ndi ukalamba. Koma zapamtima zinali zidole, zondanda pamashelefu m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba. Choyamba chija anachiika pachokha m'kabokosi kagalasi.

Anzawo a kutchalitchi sankadziwa. A Lyson ali mwana anaona amalume awo akupirikitsidwa pamudzi chifukwa cha kamtengo kosema kamene kanapezeka pansi pa mphasa. Mfuu ya tsiku limenelo, yakuti mfiti, mfiti, sinawachoke m'makutu.

Ndiye kunabwera apongozi awo, aNabanda, kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu wawo Shalom. A Lyson anagula loko n'kutseka besimenti.

"Bambo a Shalom, ingowauzani," anatero Ida.

"Ndiwauze kuti chiyani? Lero aona, mawa ili pa WhatsApp, mkuja Ntcheu yonse ikuti mkamwini uja nyumba anaigulira tizithumwa. Akutenga iwe ndi mwana yemwe."

Tsiku lina masana, Ida ali kuntchito kuchipatala, thambo linada mochititsa nthumanzi. Mbalame zinangoti zii. Kenaka lipenga lochenjeza za kamvuluvulu linalira, lija limatanthauza kuti aliyense athawire pansi. Shalom anakuwa m'Chingerezi, akukoka agogo ake chitenje. A Lyson anaima pakhomo la besimenti, kiyi ali m'manja. Kunja nthambi inathyoka n'kumenya zenera. Anatsekula, onse n'kutsikira pansi.

Chikwatirireni Ida, a Lyson anali asanakhalepo moyandikana ndi apongozi. Akakumana m'khonde ankapatukirana mwaulemu. Lero anapanikizana pakona imodzi, mawondo pafupi kugundana. Magetsi anazima. A Lyson anayatsa tochi ya pafoni, ndipo nthawi yomweyo bingu linagwedeza nyumba.

Mitu yonse pamashelefu inayamba kuvomera. Gwede, gwede, gwede, maso ali tong'o, milomo ikumwetulira.

"Mwazi wa Yesu!" ANabanda anafungatira mdzukulu n'kumuphimba kumaso. "Ndi izi mumatsekera? Bambo a Shalom, mwana wanga mukumudyetsa za izi?"

"Ndi zoseweretsa chabe, amayi."

"Zoseweretsa zovomera zokha? Zikuvomera ndani?"

 Pamwamba mphepo inkalira ngati sitima, koma a Lyson ankangomva mfuu ija ya kumudzi.

ANabanda analoza kabokosi kagalasi. "Icho mwachipatulacho ndiye mwini wake. Mwaikamo chiyani m'mutumo?"

A Lyson anachitulutsa. Ankadziwa kuti n'chowumbidwa ndi mapepala ouma, chokalamba kuposa iwo, ndipo ngakhale pochipukuta fumbi ankachita kugwira mpweya. China chotere sakanachipezanso. Anayang'ana kankhope kamene kanawaperekeza zaka zonse zachilendo, anayang'ananso Shalom akulira m'chitenje cha agogo ake. Anapotokola. Kamutu kanati pswa, n'kung'ambika pakati. Anagwada, napereka zibenthuzo ndi manja awiri.

ANabanda anazilandira ndi nsonga ya chitenje. Anaunika mkati. Anafufuza tsitsi, zikhadabo, kamuzu kalikonse. Ananunkhiza. Munali kawaya kopotana kadzimbiri, ndi fumbi basi.

Mphepo itayamba kutha mphamvu, aNabanda anatembenukira kwa a Lyson.

"Ndiye mukundiuza kuti bambo wamkulu, imvi zayamba kale, mumatsika kuno kudzacheza ndi ana adothi?"

"Eya, amayi."

"N'kuwaguliranso loko, ngati mbuzi?"

"Eya, amayi."

Atatuluka anapeza mpanda wagwa, koma denga lilipo. Madzulo aNabanda anaimba foni kumudzi. A Lyson anaima kuseri kwa chitseko, kudikira liwu lija lakuti mfiti. Sanalimve. Anangomva apongozi akuseka mpaka kutsokomola: "Mkamwini wanga? Ali bwino, ndi wolimbikira. Koma abale, amasewera ndi zidole!"

Lamlungu lotsatira tchalitchi chonse chinali chitamva. Mpaka lero amatchedwa a Zidole, ndipo akaitanidwa chomwecho amayankha msanga, mokondwa. Loko anaichotsa. Kamutu kaja Shalom anakamata ndi guluu, kanakhala kopendama, ndipo sikagwederanso. Koma a Lyson akatsika m'besimenti, ndi kamene amayamba kukapukuta.