Galu amene ndinamusiya ku Bunda

Galu wanga anali wachikuda, wofiirira, khutu limodzi logwa. Ndinamutola ali kamwana m'ngalande kuseri kwa nyumba yathu ku Kawale, amayi akukalipa kuti pa lendi sasunga galu. Koma anakhala, mpaka zaka zinayi.

Ine zojambula ndinaphunzira ndekha, pa foni basi. Ndikaona mavidiyo a anthu akukwera mapiri, chikwama kumsana, galu waubweya pambali, eee, mtima umachita kundiuza kuti nawenso! Ndiye Loweruka lililonse tinkayenda, iye patsogolo ine pambuyo, Biwi, Chipasula, kutsikira kumtsinje. Tsiku lina nditaika chithunzi chathu pa gulupu, mnzanga wina analemba kuti, "Aise, kagalu ka nthata ako kakuononga pikicha." Anthu anaseka. Kuyambira pamenepo ndinkamudula pa chithunzi chilichonse, choyambacho n'kufufuta, poti foni yanga imadzaza msanga.

Phiri lenileni tinakwera limodzi lokha, la Bunda. Bambo ena oyandikana nafe amakaoda mbatata ku Mitundu ndi kalole kawo, ndiye anatikweza kumbuyo m'mamawa. Potitsitsa anati, "Pobwerera uziona wekha, ine ndigona konkuno."

"Osadandaula madala," ndinatero.

Phiri lija ndi mwala wokhawokha, ndipo kunali dzuwa la Okutobala. Iye amathamanga, n'kuima, n'kundidikira lilime lili panja. Madzi ndimamumwetsa m'dzanja. Pamwamba tinapeza azimayi akupemphera, ife tinakhala chapatali n'kugawana mandasi. Kenako ndinatsamiritsa foni pamwala kuti indijambule ndi dziko lonse lija kumbuyo. Iye anabwera kudzagona pamapazi anga. Ndinamukankha ndi phazi. "Choka iwe!" Anachoka.

Titatsikira kumsewu masana, minibasi yoyamba inakana. Yachiwiri inakananso. Kondakitala wa yachitatu anati, "Mbuzi timanyamula, nkhuku timanyamula, koma galu ayi mani. Akaluma pasenja ndiyankha chani?"

Ndinali nditatopa, batire ya foni itatsala pang'ono kutha. Mayi ena amene anakhala pawindo anati, "Kwera mwanawe, galu sasochera. Mawa umupeza pakhomo." Anthu onse m'minibasi anavomereza. Inenso mawu amenewo ndinawamva kuyambira ndili mwana, moti sindinakaike. Ndinakwera.

Galu wanga anatithamangira. Ndimamuona pagalasi lakumbuyo, khutu lija likukupiza, akuchepa, akuchepa, mpaka tinakhota. Foni inali m'manja mwanga momwemu. Titafika pafupi ndi tauni m'pamene zinandibwerera kuti popita anali pa lole. Msewu umenewo sanaupondepo. Fungo loti alitsate likanachokera kuti?

Kunyumba amayi, omwe aja ankamukana, anandifunsa ndisanakhale n'komwe. "Mnzako ali kuti?"

"Akubwera, amayi."

Anangoika mkute m'mbale yake pakhonde. Mawa lake anataya, n'kuikamo wina. Ine geti ikangolira, ndatuluka kale.

Tsiku lachitatu ndinabwerera ku Bunda. Ndinafunsa ogulitsa nzimbe, ndinafunsa m'midzi ya m'munsi mwa phiri, ndikuimba kaluzi kamene ndinkamuitanira mpaka milomo kuuma. Pasiteji wakabaza wina anandimvera chisoni. "Tione chithunzi chake achimwene, ife timazungulira, mwina tinamuona."

Ndinatsegula foni. Ine pamtsinje. Ine pamlatho. Ine pamwamba pa Bunda manja m'mwamba, mano onse panja. Ndinatsika, ndinatsika, zaka zonse zija, ine ndekhandekha. Kenako ndinapeza chimodzi, cha paphiri pomwepo, chimene foni inajambula nthawi imene ndinamukankha ija. Kumapeto kwenikweni kukuoneka mchira ndi mwendo umodzi, akuchoka.

Wakabaza anachikulitsa ndi zala, anayang'anitsitsa, n'kundibwezera foni.

"Pepani achimwene. Michira yotereyi kuno ndi yambiri."

Galu uja sanabwere. Mbale ija inakhala pakhonde mpaka mvula yoyamba, kenako amayi anaitsuka n'kuilowetsa m'nyumba. Foni ija pano inasweka galasi, ndipo imandiuza tsiku lililonse kuti yadzaza. Zanga za pa Bunda ndinafufuta zonse, ndinangosiya cha mchira chija.