Kaseti Yopanda Dzina ya aTembo

Ndikakumbukira aTembo, amene tinayandikana nawo nyumba ku Msoro, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mabatire akale amene ankawayanika palata kuti dzuwa liwabwezere mphamvu, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za tsanya. Paunyamata wawo ankagwira ntchito yoonetsa kanema ku Ndola. Pobwerera kumudzi kudzalima thonje, anabwera ndi wailesi ya kaseti ndi katoni yodzaza nyimbo za m'makanema akalekale, zopanda woimba, malipenga ndi zingwe zokhazokha. Amayi ankati ndi nyimbo za pamaliro a azungu.

Makaseti ena ankawatumizira mnzawo wa ku Ndola, aSakala, ndipo awiriwa anali ndi masewera awo. Poyamba inkafika kalata yongonunkhiza za kanema wa nyimbo yotsatira, monga kuti m'kanemamo muli akavalo ndi mvula, aTembo n'kuyankha dzina limene akuganiza. Kenako inkabwera kaseti yosalembedwa kanthu, dzina lenileni n'kudzatulukira m'kalata yotsatira. ATembo ankangotchula kanema mmodzi yemweyo, amene anakaonera ndi malemu akazi awo ali pachibwenzi, ndipo nthawi zonse ankaphonya.

Chaka chimene ndinali giredi sikisi, makutu awo anayamba kufa. Kalata inafika yonena kuti m'kanema wotsatira muli sitima ndi mkazi wotsala yekha pasiteshoni. ATembo anauza aliyense wodutsa kuti ulendo uno alasa. Koma mvula inadula msewu wa ku Chipata, kaseti n'kukhala panjira miyezi itatu, ndipo pamene inkafika anali asakumvanso ngakhale tambala wa pakhomo pawo.

Anandiitana masana ndikuchokera kotunga madzi, ndowa ili pamutu. Ndinatula, ndinakhala pansi. Anaika kaseti ija, dzanja lawo lili pasipika, maso ali pa timawilo tozungulira.

"Mama, nyimbo ya kanema wanga uja imayamba pang'onopang'ono, ngati munthu wolira chamumtima. Kenako malipenga. Ndi imeneyo?"

Ndinatchera khutu ndithu. Inayambadi pang'onopang'ono, koma malipengawo sindinathe kuwasiyanitsa ndi zinazo. Iwo ankandiyang'ana pakamwa. Ine ndinangotambasula manja kusonyeza kuti sindikudziwa.

"Palibe kanthu. Tidikira kalata," anatero, akuzimitsa wailesi.

Kalatayo sinabwere. Patapita nthawi tinamva kuti aSakala anamwalira mvula isanathe. ATembo nawonso anatisiya thonje la chaka chomwecho lili m'munda, ndipo achibale awo anajambulamo nyimbo za kwaya m'makaseti onse aja.

Lero ndili ndi ana awiri, ndipo ndimawaphunzitsa kuti asamanene zimene sakuzidziwa, monga amayi anandiphunzitsira ine. Komabe nthawi zina ndikuchapa matewera manja amaima okha m'beseni. Nkhalamba ija inkangofuna kuti ndigwedeze mutu kamodzi kokha, ndipo panalibe wina pansi pano amene akananditsutsa.