Zipolopolo za Malume M'basi ya ku Woolwich

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene basi inaima chifukwa cha malume anga, a Fatsani. Tinkakhala nawo ku Thamesmead, kudziko la azungu, ndipo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka chimenecho mnzawo wa ku Amereka anawaitana kuti akasake agwape a mchira woyera. Malume anali asanagwirepo mfuti chibadwire, koma nkhani yosankha zipolopolo inawalowerera. Ankaonera mavidiyo a ulenje uku akudya, uku akusita, mpaka tsiku lina anawotcha kolala ya yunifomu.

Loweruka lina tinakwera basi yosanja yopita kumsika ku Woolwich. Titangokhala m'chipinda cham'mwamba, mnzawo uja anaimba foni. Malume sankadziwa kulankhula motsitsa mawu.

"Ayi achimwene, bullet yopepuka imaphwanyika ikagunda fupa," anatero. "Tengani yolemera, ya nsonga yofewa, ija imatambasuka m'kati. One shot basi, pa lungs. Sindifuna azunzike. I want him dead pompo."

Iwo ankadziona otetezeka m'Chichewa chawo, osazindikira kuti mawu onse oopsa akuwatchula m'Chingelezi. Mayi amene anakhala kutsogolo kwathu ananyamula mwana wake n'kutsikira pansi. Ena anamutsatira mmodzimmodzi. Posakhalitsa basi inaima, injini n'kuzima.

"Mabasi a kunowa," anadandaula malume, "sachedwa kufa."

Kenako pamasitepe panatulukira apolisi awiri. Anatitsitsa, n'kusecha chikwama cha malume. Anapezamo ambulera ndi majumbo okagulira nsomba. Malume anafotokoza zonse mosamala kwambiri. Ankadziwa kuti dzina likangolembedwa kupolisi, ntchito ya okalamba yatha.

Wapolisi wamkazi ananditengera pambali, n'kunjuta kuti tifanane msinkhu. Anandifunsa ngati ndimamva chilankhulo cha malume, ndi kuti akufuna kuwombera ndani. Ine Chichewa ndinkachimva, koma ndinkayankha m'Chingelezi nthawi zonse, ndipo sindinadzivutitsepo kufunsa kuti gwape ndi chiyani kwa azungu. Mawu okhawo amene anandibwerera anali akuti nyama.

"He wants to shoot meat," ndinatero.

"Nyama yanji?" anafunsa m'Chingelezi.

Ndinaimika zala pamutu ngati nyanga, ndinagwedeza dzanja kumbuyo ngati mchira, n'kudumpha kawiri pamaso pa anthu onse a m'basi. Wapolisiyo analuma mlomo kuti asaseke. Mnzake anali akuonera kale vidiyo ya ulenje pafoni ya malume. Anatilola kupita, atawalangiza kuti nkhani zotere azikambira kunyumba.

Tinayenda wapansi mpaka kumsika, mphepo yozizira ikutipyoza m'makutu. Ndinkayembekeza kuti malume andithokoza.

"Iwe Tamanda," anatero potsiriza, "mwana wamkulu ngati iwe, gwape sukumudziwa?"

Anandigulira tchipisi, n'kundipempha kuti amayi asamve. Amayi anamva madzulo omwewo kwa mzimayi wa kutchalitchi kwathu amene anali m'basi muja.

Lero ndikaganiza, ndimaona kuti tonse awiri tinali ndi vuto limodzi. Malume ankasakaniza zilankhulo osadzimva okha, ine ndinkamva chimodzi osachigwira. Kuyambira pamenepo mawu akandidutsa ndimafunsa tanthauzo lake nthawi yomweyo, chifukwa ndinaona kuti ntchito ya munthu wamkulu ikhoza kudalira kamwana kodumphadumpha pasiteji ya basi.